Dzanja Losafunsa

Ndili mwana, cha m'ma 1970, munthu akamapita ku chipatala chaching'ono cha kwathu ankanyamula botolo lakelake. Mayi ankalitsuka ndi mchenga, n'kulitseka ndi chitsononkho. Ukafika pawindo lolandirira mankhwala, bambo wina wachikulire wovala malaya oyera ankakuthirira mankhwala a chifuwa kuchokera m'chigubu chachikulu, kenaka n'kuwerenga mibulu ndi kasupuni, iwiriiwiri, n'kuikulunga m'kapepala. Bamboyo sankafulumira, ndipo anthu pamzere ankang'ung'udza. Koma anali ndi chizolowezi china chimene ndinadzachimvetsa nditakula. Asanapereke kapepalako, ankayamba wakuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenaka n'kuyang'ananso khadi. Tsiku lina nditaperekeza mlongo wanga wamng'ono, bamboyo anawerenga khadi, nayang'ana mwanayo, nati, "Mibulu yonseyi ya kamwana aka? Tadikirani pomwepo." Analowa m'kati, ndipo pobwerako chiwerengero chija chinali chitasintha.

Lero ndine nkhalamba yopuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndipo m'mawa uliwonse ndimamwa mbulu wa matenda a kuthamanga kwa magazi. Mbuluwo umabwera utamatiridwa m'kachipinda kakekake pa kapepala konyezimira. Pa paketi pamalembedwa dzina la kampani ya ku India, nambala ya gulu limene mbuluwo unapangidwira limodzi, ndi mwezi umene mankhwalawo adzathere mphamvu. Ndikamaboola kapepalako ndi chala, ndimalingalira kuti mwina dzanja langa ndi dzanja loyamba la munthu kukhudza mbuluwo chiupangireni. Amene anausakaniza, kuuumba, kuuyeza, kuumata ndi kuulongedza m'katoni ndi makina, ndipo m'mafakitale ochuluka a masiku ano ena mwa makinawo ndi aja otchedwa maloboti. Tsono funso limene ndikufuna kuti tilisinkhesinkhe ndi ili: kodi tapindulanji, ndipo tatayanji, popereka ntchito yokhudza moyo wa munthu m'dzanja limene silitopa, silinjenjemera, komanso silifunsa? Nanga zinthu zikalakwika, mlandu ukhala wa yani?

Tiyambe ndi dzina. Kuno kwathu tikati maloboti, ambiri amaganiza za magetsi a pa mphambano za misewu ya ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Loboti imene ndikunena pano ndi ina. Iyi ndi makina, kawirikawiri okhala ngati mkono wachitsulo wa mfundo zingapo, amene amatola, kunyamula ndi kuika zinthu motsata malangizo olembedwa mu kompyuta. Dzinali linachokera m'sewero lotchedwa R.U.R. limene mlembi wa ku Czechoslovakia, Karel Čapek, anasindikiza mu 1920. Muzu wake ndi mawu a chinenero cha kumeneko akuti "robota", otanthauza ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni minda. Makolo athu akanamva tanthauzo limeneli sakanavutika kulimasulira; akanangoti ndi thangata. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako. Loboti yoyamba ya m'fakitale, yotchedwa Unimate, inayamba ntchito mu 1961 ku kampani ya magalimoto ya General Motors, ku New Jersey, ndipo ntchito yake inali yonyamula zitsulo zotentha zimene zinkaika moyo wa antchito pachiswe. Opanga mankhwala anachedwa kuilandira loboti, poti loboti wamba imadontha girizi ndi kutulutsa fumbi la zitsulo zikamakhulana. Anadikira mpaka pamene makampani ena, monga Stäubli ya ku Switzerland, anapanga mikono yosalala, yomatidwa bwino, yotheka kuitsuka ndi mankhwala amphamvu ophera tizilombo.

Kuti tiweruze mwachilungamo, tiyenera kuvomereza choonadi china chosakoma m'makutu. M'chipinda chopangira mankhwala a jekeseni, gwero lalikulu la uve ndi munthu. Sindikunena munthu wosasamba ayi; ndikunena munthu aliyense, ngakhale dokotala waukhondo wotani. Khungu lathu limafundula tizidutswa tosaoneka ndi maso usana ndi usiku, ndipo pa tizidutswato pamakwera tizilombo toyambitsa matenda. Tikapuma, tikayankhula, tikaphethira, timamwaza timadontho. Mbulu womeza umadutsa m'mimba, momwe thupi lili ndi alonda ake. Koma jekeseni amalambalala alonda onsewo, n'kulowa mwachindunji m'magazi, m'mnofu, kapena m'msana. Kachilombo kamene pakhungu kanalibe vuto, m'magazi kangathe kupha munthu.

N'chifukwa chake malamulo a ukhondo wa zipinda zimenezi ndi okhwima modabwitsa. Malamulo a mayiko a ku Ulaya amati pamalo enieni pamene timabotolo ta jekeseni tikudzazidwa, mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya musapezeke tinthu toposa 3,520 ta kukula kwa theka la micron kapena kuposerapo. Kuti mumvetse kuchepa kwake, dziwani kuti tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa kuposa kanthu koteroko pafupifupi maulendo 100 kapena kuposa. Wantchito wolowa m'chipinda chotere amavula wotchi ndi ndolo, sadzola zophodaphoda, amavala chovala chophimba thupi lonse ndi magalasi a m'maso, magolovesi awiriawiri, ndipo amaphunzitsidwa kuyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe kuti asavundule mpweya. Pakatha maola angapo thukuta limayamba, msana umawawa, maganizo amathawira kwa mwana wodwala amene wamusiya kunyumba. Apo ndi pamene dzanja limakhudza pamene silinayenera kukhudza.

Zotsatira za uve m'mankhwala a jekeseni zinaoneka poyera mu 2012 ku Amereka. Kampani yosakaniza mankhwala yotchedwa New England Compounding Center, ya ku Massachusetts, inatumiza ku zipatala timabotolo ta jekeseni wa ululu wa msana momwe munali chuku. Anthu oposa 750 anadwala, ambiri mwa iwo matenda oumitsa khosi, ndipo oposa 60 anamwalira. Ofufuza anapeza kuti ukhondo wa m'zipinda za kampaniyo unkanyalanyazidwa, ndipo mkulu wake anakalowa m'ndende.

Tsopano taonani mmene loboti imagwirira ntchito yomweyo. Timabotolo timalowetsedwa m'bokosi lalikulu la galasi ndi chitsulo, lotsekedwa kotheratu, limene m'kati mwake mwafukizidwa nthunzi ya hydrogen peroxide kuti tizilombo tonse tife. M'bokosimo mulibe munthu, muli mkono wachitsulo wokha. Mkonowo umatola kabotolo, kukayeza kulemera kwake kali kopanda kanthu, kukadzaza, kukayezanso, n'kukatseka. Kabotolo ka 10,000 kamadzazidwa chimodzimodzi ndi koyamba. Makamera amaunika kabotolo kalikonse kufunafuna mng'alu kapena kachitsotso, ntchito imene maso a munthu amatopa nayo msanga. Si zodabwitsa tsono kuti malamulo atsopano a ku Ulaya okhudza mankhwala oterewa, amene anayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2023, amalimbikitsa mabokosi otsekawa ndi maloboti, ndi cholinga chotalikitsa munthu ku mankhwala. Palinso mankhwala ena, makamaka a khansa, amene ndi oopsa kwa wowasakaniza. Akamawapuma kapena kuwakhudza tsiku ndi tsiku amawononga thupi lake. Pamenepa loboti imateteza wantchito, osati wodwala yekha.

Ku mbali yolongedza nakonso phindu lilipo. Kamera imaona kachipinda kamene mbulu sunalowe, kapena mbulu wobenthuka, ndipo paketiyo imakankhidwira pambali. Kuyambira mu Febuluwale 2019, paketi iliyonse ya mankhwala ambiri olembedwa ndi dokotala m'mayiko a European Union imadindidwa nambala yakeyake kuti wogulitsa athe kutsimikiza kuti si yachinyengo. Izi n'zofunika ndithu, poti mu 2017 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo. Ndipo inu amene munadwalapo malungo mukuwadziwa mapaketi a LA, a mibulu 6, 12, 18 ndi 24, malingana ndi kulemera kwa wodwala. Paketi imeneyo imawerengera mayi wosadziwa kuwerenga. Kapepala ka bambo uja wa pawindo sikakanatha kutero.

Choncho maganizo anga pa gawo limeneli ndi osabisa. Pamene zatsimikizika kuti loboti imadzaza jekeseni mwaukhondo kuposa munthu, kuikana chifukwa chongokonda zakale ndi kulakwira odwala. Wonena kuti manja a munthu ndiwo abwino nthawi zonse adzifunse kuti, atapatsidwa timabotolo tiwiri pamene mwana wake ali gone pabedi la m'chipatala, angasankhe kati.

Komatu nkhani siithera pamenepa.

Mu 2011, chipatala chachikulu cha yunivesite ya California ku San Francisco chinalengeza monyadira kuti maloboti ake osankha ndi kulongedza mankhwala a odwala anali atakonza milingo 350,000 popanda kulakwitsa ngakhale kamodzi. Patangopita zaka ziwiri, mu Julaye 2013, kunachitika zinthu zimene dokotala wa pa chipatala chomwecho, Robert Wachter, anazifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la mu 2015 lotchedwa The Digital Doctor. Ndikupemphani kuti muzitsate modekha, chifukwa phata la nkhani yathu lagona pamenepa.

Mnyamata wina wa zaka 16, wa thupi lochepa chifukwa cha matenda obadwa nawo, anagonekedwa kuti akamuunike m'matumbo. Kunyumba ankamwa mbulu umodzi wa Septra kawiri pa tsiku. Mankhwala amenewa si achilendo kwa ife. Ndi omwe aja timawatcha Bactrim. Mlingo wa mbulu umodzi umalembedwa kuti mamiligalamu 160. Tsono kompyuta ya chipatalacho inali ndi njira ziwiri zolembera mlingo: wolemba angathe kulemba mamiligalamu onse pamodzi, kapena mamiligalamu a pa kilogalamu iliyonse ya thupi la wodwala, monga zimakhalira ndi ana. Mnyamatayo ankalemera makilogalamu 38.6. Dokotala wachinyamata, ali pakati pa ntchito zambiri, analemba 160 osazindikira kuti kompyuta inali pa njira yachiwiri. Kompyuta inachita zimene munaphunzira ku pulayimale: inachulukitsa 160 ndi kulemera kwa mnyamatayo, ndipo yankho lake linali mamiligalamu oposa 6,000, kutanthauza mibulu 38 ndi theka.

Kompyutayo inatulutsa chenjezo. Dokotala analidutsa, chifukwa machenjezo otero ankatuluka ambirimbiri tsiku lililonse, ochuluka mwa iwo opanda pake, mpaka anthu anazolowera kungowakankha monga mmene timaingitsira ntchentche. Chenjezo linafikanso kwa katswiri wa zamankhwala, amene anali m'kachipinda kopanikiza, mafoni akulira, anthu akugogoda; nayenso analidutsa. Lamulo linapita kwa loboti. Loboti inatola mibulu 38 ndi theka, niiika uliwonse m'kathumba kake, niidinda timizere tozindikiritsa, mwaukhondo ndi mosaphonya. Mibuluyo inafika kwa namwino wachitsikana amene usiku umenewo anali atabwerekedwa kuchokera ku wodi ina. Mtima wake unagunda poona kuchuluka kwa mibuluyo. Koma anaganiza kuti mwina mnyamatayo ali pa kafukufuku wapadera. Anachita manyazi kusokoneza mkulu wake amene anali wotanganidwa. Ndipo pamene ankaunika kathumba kalikonse ndi kamakina kake, kompyuta inkamuuza kuti zonse zili bwino, yapitirira kufuna mibulu yotsalayo. Mnyamatayo anameza yonse. Usiku womwewo thupi lake linachita dzanzi, kenaka anakomoka n'kuyamba kuphupha, mpaka anasiya kupuma kwa kanthawi. Mwamwayi madokotala anamutsitsimutsa ndipo anachira.

Nanga mlandu ndi wa yani? Loboti sinalakwitse. Mbiri yake ya kusaphonya sinade ngakhale pang'ono. Inauzidwa 38 ndi theka, ndipo inapereka 38 ndi theka. Apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene ophunzira ambiri amazisokoneza: kuchita molondola zimene wauzidwa, ndi kuchita choyenera. Loboti ndi katswiri pa choyambacho, koma chachiwiricho sichidziwa n'komwe kuti chilipo. Ntchito imeneyi isanaperekedwe kwa loboti, ankaigwira ndi munthu. Munthuyo ankaphonya nthawi zina, ankasokoneza mabotolo ofanana, ankawerenga 9 m'malo mwa 10. Koma tayerekezani kuti akuwerenga mibulu ya mnyamata mmodzi, ya kumwa nthawi imodzi. Wafika pa 8, pa 12, pa 20, botolo latha, akutsekula lachiwiri. Kodi dzanja lake silikanaima? Kodi sakanatembenukira kwa mnzake n'kufunsa kuti, "Kodi izi ndi za munthu kapena za ng'ombe?" Akuluakulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Pamene chipatala chinachotsa munthu uja, chinachotsa zophonya zake, ndipo chinachita bwino. Koma pamodzi ndi zophonyazo chinachotsanso kudabwa kwake, ndipo palibe amene anazindikira kuti kudabwako kunalinso gawo la ntchito.

Chimene chimandiopsa kwambiri m'nkhani imeneyi si loboti, koma zimene loboti inachita kwa anthu oizungulira. Namwino uja sanali wopusa kapena wouma mtima. Chikumbumtima chake chinayankhula, koma mbiri ya makina osaphonya inachiposa mawu. Dokotala anadalira kuti katswiri wa mankhwala aona. Katswiri anadalira kuti dokotala akudziwa. Namwino anadalira onse awiri pamodzi ndi makina. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona. Koma denga limagwanso pamene onse olisenza afewetsa khosi, aliyense poganiza kuti anzake ndiwo alimbikira. Udindo ukagawidwa tizidutswa tambirimbiri, umatha kusungunuka mpaka osapezeka m'manja mwa aliyense. Ine ndikuti mlandu waukulu sunali wa mtsikana wa kumapeto kwa mzere uja, ngakhale kuti nayenso anali ndi gawo lake. Unali wa amene anakonza dongosolo lolira chenjezo pa zazing'ono ndi zazikulu ndi liwu limodzimodzi, ndi amene anaika makina otha kutola mibulu 38 ya mwana mmodzi popanda kuwapatsa malire oimira. Loboti siingaimbidwe mlandu, monga mmene nkhwangwa siiimbidwa mlandu ikatema mwendo. Koma chifukwa cha chimenecho, mlandu wonse umene ukanakhala wa dzanja umabwerera kwa mutu umene unatuma dzanjalo.

Agogo anga aakazi ankadziwa mizu ya m'mimba ndi ya chifuwa. Akaviika mizuyo m'chikho, asanampatse wodwala, ankayamba amwako okha pang'ono, wodwalayo akuona. Sindikunena kuti njira imeneyi inali ya sayansi. Lilime silingayeze mlingo, ndipo pali ziphe zambiri zokoma ngati uchi. Koma mwambowo unali ndi tanthauzo lozama. Wopanga mankhwala ankaika thupi lake pa chikole. Ankanena mopanda mawu kuti, chikakupweteka iwe chiyambira ine. Pakati pa wopanga ndi wakumwa panali mtunda wa mkono umodzi. Lero pakati pa ine ndi wopanga mbulu wanga pali nyanja yamchere, madoko, malole ndi nkhokwe. Iye sadzandiona, ndipo loboti yake siilawa. Choncho chikole chija chiyenera kulowedwa m'malo ndi china: malamulo, oyendera mafakitale, ma labotale oyeza, ndi makhoti. Zimenezi zikafooka, ukhondo wa loboti sutithandiza kanthu.

Umboni wake ndi wowawa. Mu 1937 kampani ya S. E. Massengill ya ku Tennessee inasungunula mankhwala a sulfanilamide m'madzi otsekemera otchedwa diethylene glycol. Anayesa kakomedwe, fungo ndi maonekedwe, koma sanayese ngati madziwo ndi oopsa. Anthu oposa 100 anafa, ena a iwo ana, ndipo chaka chotsatira Amereka inakhazikitsa lamulo lokakamiza kuyesa mankhwala asanagulitsidwe. Patapita zaka 85, mu 2022, ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia impso zitaleka kugwira ntchito. Mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la WHO linachenjeza za mitundu 4 ya mankhwala a chifuwa a kampani ya Maiden Pharmaceuticals ya ku India, litapeza chiphe chomwe chija m'mabotolo amene linayeza, ngakhale kuti kampaniyo inakana mlandu. Taganizani tsono: chiphe chikalowa m'thanki chifukwa wina wagula zipangizo zotchipa, kapena wadumpha kuyeza kuti asunge ndalama, makina abwino koposa adzachita chiyani? Adzachithira m'mabotolo zikwizikwi, mlingo wofanana, osataya dontho, n'kumata chizindikiro chowongoka bwino. Makina amachulukitsa chimene apatsidwa. Akapatsidwa chilungamo amachifikitsa kutali, akapatsidwa umbombo amaufikitsanso kutali, ndipo mwamsanga.

Pa mbiri yonse ya mankhwala, anthu amene anapulumutsa miyoyo yambiri si okhawo amene anatulukira mankhwala atsopano, komanso amene anakana. Frances Kelsey, mayi wobadwira ku Canada, ali wophunzira ku Chicago anathandiza nawo pa kafukufuku amene anatsimikiza chiphe cha mu 1937 chija. Mu 1960, atangoyamba ntchito ku bungwe loona za mankhwala la Amereka, anapatsidwa pempho loti avomereze thalidomide, mankhwala amene ku Ulaya ankagulitsidwa kale ndipo amayi oyembekezera ankamwa. Iye sanakhutire ndi umboni umene kampani inapereka. Anapempha wina, napemphanso, kampani ikumukakamiza ndi kudandaula kwa mabwana ake. Mu 1961 zinadziwika kuti mankhwalawo ankapundula ana m'mimba. Ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Chitsanzo china ndi Dinesh Thakur, wantchito wa kampani ya Ranbaxy ya ku India, amene anatulukira kuti zotsatira za kuyeza mankhwala zinkapekedwa. Anasiya ntchito naulula, ndipo mu 2013 kampaniyo inavomera milandu ku Amereka n'kulipira madola 500 miliyoni. Wina anganene kuti makina amalemba chilichonse chimene achita, kotero amavuta kunamiza kuposa kaundula wolemba pamanja. Zimenezo n'zoona, ndipo ndi phindu lenileni. Koma kaundula, kaya wa pepala kaya wa kompyuta, sadzuka yekha usiku kusowa tulo, ndipo sapita yekha kukagogoda pa khomo la boma. Fakitale ya anthu ochepa ndi fakitale ya mboni zochepa.

Apa tibwerere ku thangata. Kodi mwini munda wa nthawi ya atsamunda, monga minda ya ku Magomero imene inautsa mkwiyo wa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915, ankalakalaka wantchito wotani? Wosatopa, wosadwala, wosapempha malipiro, wosayankha. Anthu anakana kukhala otero, ndipo ena anafera kukanako. Lero sayansi yapereka wantchito wa maloto amenewo, ndipo ubwino wake ndi woti palibe msana wa munthu umene ukupindika. Ndimakondwera kuti mtsikana amene akanatha zaka 30 akulowetsa timapepala m'timakatoni, mpaka zala kuuma, angathe kuchita zina. Koma ndikunena kuti "angathe", poti nthawi zambiri amangouzidwa kuti ntchito yatha. Phindu la loboti limapita kwa odwala ndi kwa eni kampani, pamene mtengo wake amalipira ndi iye, amene sanafunsidwe. Sindikhulupirira kuti yankho ndi kusunga munthu pa ntchito imene akuipitsa mankhwala. Cholinga cha fakitale ya mankhwala ndi kuchiritsa odwala, kulemba anthu ntchito n'kwachiwiri. Koma kampani imene yapindula pomuchotsa ili naye ngongole ya kumuphunzitsa ntchito ina, ndipo ngongole imeneyi si chifundo ayi.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, ngakhale mafakitale akuluakulu oterewa ali kutali. Mankhwala ambiri a m'zipatala zathu amachokera kunja. Mliri wa Covid-19 unatiphunzitsa kuwawa kwa kudikira pamzere pamene eni mafakitale akuyamba atemera anthu awo. Mu 2021 Africa inkapanga pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a katemera amene inkagwiritsa ntchito, ndipo bungwe la African Union linaika cholinga choti pofika 2040 chiwerengerocho chifike pa magawo 60. Mafakitale amene adzamangidwe pofuna kukwaniritsa cholingachi adzayenera kufika pa muyezo wa dziko lonse, choncho adzakhala ndi makina ambiri ndi anthu ochepa. Amene akuyembekezera kuti adzalemba ntchito mudzi wonse adzakhumudwa. Anthu ochepa amene adzalembedwe, pamodzi ndi amene amagwira ntchito ku bungwe lathu loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndi amene amagawa mankhwala pa mawindo a zipatala, adzafunika masamu ndi sayansi. Ena a iwo ndinu amene mukuwerenga tsamba lino. Ntchito yotola ndi kuika yapita kwa chitsulo. Imene yatsalira inu ndi ija ya bambo wa pawindo, yoyang'ana khadi, kuyang'ana mwana, n'kuona kuti ziwirizi sizikugwirizana.

Ndipo pano ndiyenera kuulula kanthu kena kokhudza ntchito yanga. Kudabwa ndi kufunsa si zinthu zimene munthu amangodzuka nazo ali ndi zaka 25. Zimaleredwa kapena kuphedwa akadali wamng'ono, ndipo malo amodzi amene zimaphedwera ndi m'kalasi. Ife aphunzitsi a nthawi yanga tinkakonda mwana woloweza, wokopera bwino za pabolodi, wonena kuti "inde aphunzitsi" mwamsanga. Tinkamutcha waulemu. Mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani" tinkamuona ngati wamwano. Tinkaphunzitsa mwambi wakuti safunsa anadya phula, koma wofunsa tinkamuloza ndi choko. Pochita zimenezi tinkaumba anthu oti adzapikisane ndi loboti pa ntchito imene loboti idzawaposa nthawi zonse, ndi kuwalanda chinthu chimodzi chimene loboti ilibe.

Chaka china, ndikuphunzitsa masamu, ndinalemba pabolodi yankho limene ndinatenga kumapeto kwa buku. Mtsikana wina wa pa benchi ya kumbuyo anakweza dzanja mwamantha nati, "Pepani aphunzitsi, ine ndapeza zosiyana, ndipo ndabwereza katatu." Ndinamufunsa ngati iye ndi wanzeru kuposa amene analemba buku. Kalasi yonse inaseka, ndipo iye anatsitsa dzanja. Usiku umenewo, pa nyali ya koloboyi, ndinaiwerengera ndekha samuyo, ndipo ndinapeza kuti buku linalakwitsa posindikiza. M'mawa mwake ndinafufuta yankho lija n'kulemba lolondola, koma sindinatchule amene analiona. Mtsikanayo sanakwezenso dzanja mpaka chaka chinatha.